Giya iti, nthawi yanji? Pikapu ya dizilo komanso bodza la neutral

Muli bwanji madalaivala nonse, eni mapikapu ndi inu amene mwangotenga kumene laisensi! Lero tikambe za magiya. Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu pali bodza lomwe limandipweteka mtima nthawi zonse ndikalimva.

Choyamba, mwachangu. Yang'anani muvi wa ma rev, uja woonetsa kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi (rpm), osati liwiro lokha. Injini ya dizilo imakoka kwambiri ma rev ali otsika. Mwachitsanzo, Hilux ya 2.4 GD-6, yomwe mphamvu yake yokokera ndi 400 Nm, imatulutsa mphamvu yonseyo pakati pa 1600 ndi 2000 rpm. Ndiye ngati mulibe katundu ndipo msewu ndi wosakwera, sinthani giya muvi ukafika pa 2000 mpaka 2500. Kuikokera mpaka 4000 ngati ya petulo n'kungotentha dizilo pachabe.

Chachiwiri, katundu ndi chitunda. Mwapakira matumba a chimanga kapena simenti? Giya iliyonse ikokeni motalikirapo, ngakhale mpaka 3000, kuti yotsatirayo ikagwira injini isafooke. Mukaponda mafuta koma galimoto ikungonjenjemera, ikugogoda, utsi wakuda kumbuyo, ndiye kuti giya yakulira. Tsitsani. Ndipo tsitsani musanayambe kukwera, osati pakati pa chitunda galimoto itatheratu mphamvu.

Ngati mwapindulapo kale, dinani like ndi subscribe pansipa, ndipo vidiyoyi muitumize ku gulu lanu la madalaivala pa WhatsApp.

Tsopano chachitatu. Akuti: "Potsika phiri ika pa neutral, upulumutse mafuta." Abale anga, limeneli ndi bodza. Ndikumvetsa, dizilo ndi wodula, ndipo tonse tinagonapo pamzere kufilingi. Koma tamvani zomwe zimachitika mkati mwa injini.

Mukaika pa neutral, injini imatsala yokha, ndipo kuti isazime imayenera kumwa dizilo, ikuzungulira cha m'ma 700 kapena 800 rpm. Koma mukasiya galimoto mugiya n'kuchotsa phazi pamafuta, matayala ndi amene amazunguza injini. Pa injini zamakono za common rail, kompyuta imatseka ma injector omwe amapopera dizilo mu injini, dizilo osalowa ngakhale dontho. Ngakhale injini zakale za pampu zija, governor, chipangizo chowongolera kuchuluka kwa mafuta, imachepetsa mafutawo kwambiri. Mwamva? Pamtsetse woti mukuponda mabuleki, amene akumwetsa dizilo ndi wa neutral uja!

Koma zamafuta si zomwe zimandidetsa nkhawa kwenikweni. Ganizirani msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, kapena mapiri a Chiweta pa M1, kapena potsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre. Makona okhaokha, kutsetsereka kosatha, kumbuyo mwasenza katundu wokwana tani, mwinanso anthu akhala pamwamba pake. Pa neutral, kulemera konseko kwatsamira pa mabuleki okha. Ma pad amatentha mpaka kuyamba kununkha, ndipo akatentha sagwiranso bwino. Kenako mafuta a mabuleki amawira. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amapirira madigiri osachepera 230, koma akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndipo akhoza kuwira pa madigiri 155 okha. Akawira, mumaponda pedulo n'kungofika pansi, fwaa, galimoto osaima. Pamenepo mukafuna kulowetsa giya yotsika, liwiro lakwera kale, giya ikhoza kukana. Anthu amene mwanyamulawo ali ndi ana kunyumba.

Ena mulemba m'makomenti kuti dizilo sagwira galimoto ndi injini ngati petulo. Ndi zoona, imagwira mocheperapo. N'chifukwa chake mukufunika giya yotsikirapo, osati kuichotseratu. Lamulo lake ndi lakale: giya yomwe mungakwerere phirilo ndi yomweyo mutsikire. Ilowetseni muli pamwamba, musanayambe kutsetsereka. Injini ikamalira pa 2500 kapena 3000 musachite mantha, ikugwira ntchito yake. Bola muvi usafike pofiira. Liwiro likakwera, pondani mabuleki mwamphamvu pang'ono, kenako asiyeni azizire. Osawakhalira njira yonse.

Ndipo kuponda klatchi mpaka pansi potsika ndi neutral yomweyo. Musatero.

Chachinayi, chachifupi: mukasintha giya, phazi lichoke pa klatchi. Kulitsamiritsa pamenepo kumadya release bearing, beringi yomwe imakankha klatchi, ndi mbale ya klatchi.

Chachisanu... ayi, za 4x4 ndi low range, magiya otsikitsitsa aja, m'matope zikufunika vidiyo yakeyake, ikubwera sabata yamawa, choncho dinani kabelu kaja musaiphonye. Pakadali pano ndiuzeni m'makomenti: pikapu yanu ndi yanji, ndipo Chiweta mumatsika ndi giya iti mukakhala ndi katundu?