Makalata a omvera: laputopu ya kaunjika, tikonze kapena tiisiye?

Moni nonse Amalawi anzanga muli kuno ku Joni, ndi inunso amene mukutitsatira muli kumudzi. Makalata a sabata ino pafupifupi onse akukamba za malaputopu. Sindikudabwa. Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite amalemba zofunika pa pepala, ndipo pepalalo limathera m'manja mwa kholo limene lili kuno.

Ndiyambe ndi yofunika changu. Achimwene a ku Tembisa akuti kiyibodi ya laputopu yawo yatukuka pakati ndipo chivindikiro sichikutsekeka bwino. Achimwene, ndi batire latupa limenelo. Zimitsani lero lomwe, musaiikenso pa tchaja, musalibowole kapena kulipanikiza kuti liphwe. Mabatire a lithium akatupa amatha kuyaka moto, ndipo zipinda zimene ambirife timakhalamo mukuzidziwa kuchepa kwake. Pitani nayo kwa okonza akalichotse.

Tsopano kalata imene yandigwira mtima. Yachokera kwa mayi amene apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Akuti:

"Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndimakhala ku Cosmo City. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku MUBAS ku Blantyre, woyamba m'banja mwathu kufika pamenepo. Ndinamugulira laputopu yakale pa R1 500 kwa munthu amene ndinamupeza pa Facebook. Koma ikuchedwa kuyaka moti ndimatha kuphika phala n'kupsa iyo isanakonzeke. Ikutentha, ikulira, ndipo ndikangochotsa tchaja imathima. Wokonza wina m'tauni akuti ndipereke R2 400 asinthe zonse. Mwana sindinamuuze, ndikuchita manyazi. Kodi ndinataya ndalama zanga?"

Atumizanso zithunzi. Makinawo ndi Dell Latitude E6430, purosesa yake, ubongo wa makinawo, ndi i5-3320M, RAM 4GB.

Mayi, manyazi a chiyani? R1 500 ya munthu amene amadzuka kusanache kukakwera taxi, kukakolopa ndi kusita m'nyumba ya eni, si ndalama yotola. Munaichotsa pakamwa panu kuti mwana aphunzire. Ndalamayo simunataye, koma R2 400 ija musaipereke msanga. Tiyeni tione kaye chimene muli nacho m'manja.

Mwa mwayi munagula mtundu wolimba. Ma Latitude a Dell, ma ThinkPad a Lenovo ndi ma EliteBook a HP anapangidwira maofesi a makampani, ndipo a zaka zimenezo amatseguka mosavuta. Yanuyo batire lake limachoka pongokankha tizitsekero ta pansi, disiki imasololoka mukamasula tizomangira tochepa, ndipo ili ndi malo awiri oikamo RAM. Matenda onse amene mwatchula ali ndi mankhwala.

Kuchedwa kuja kukuchokera ku disiki. Makina a nthawi imeneyo ambiri ankabwera ndi hard disk, imene mkati mwake muli kambale kozungulira ndi kadzanja kowerenga, ndipo ikakalamba imayamba kukwawa. Masiku ano kuli SSD, yopanda chozungulira chilichonse, yothamanga kangapo kuposa yakale ija, komanso yosaopa kugwedezeka kwa basi. Funsani SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 240GB kapena 256GB. Pa zonse zimene mungasinthe, ichi ndicho chimene mudzaone kusiyana kwake tsiku lomwelo. Kenako RAM. Disiki ndi nkhokwe, RAM ndi lichero: chimanga chingachuluke bwanji m'nkhokwe, mumapeta chokhacho chimene chakwana m'lichero. 4GB masiku ano ndi lichero laling'ono, mwana akatsegula Chrome ndi Word pamodzi ladzaza kale. Muonjezere ifike 8GB, koma munene kuti mukufuna DDR3 ya laputopu, chifukwa DDR4 siingalowe n'komwe pamenepo.

Kutentha ndi kulira kuja nthawi zambiri ndi fumbi limene launjikana pa fani ndi potulukira mpweya, komanso mafuta a pa purosesa, amene okonza amati thermal paste, auma. Ndi ntchito yaing'ono, sifuna kugula chipangizo chachikulu. Batire ndiye lafa ndi ukalamba, ndipo ili musalinyalanyaze. Mwana akupita kumene magetsi a ESCOM amathima osatsanzika, ndipo laputopu yothima pamodzi ndi magetsi ingamutayitse ntchito ya usiku wonse.

Koma sindikubisirani mbali inayo. Onani nambala ija, i5-3320M. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, 3, ndi m'badwo wa purosesa. Wanu ndi m'badwo wachitatu, wa chaka cha 2012. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Choncho yanuyo itsalira pa Windows 10, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kungosiya kanjira kowonjezera chitetezo mpaka Okutobala 2026. Digiri ya mwana wanu itenga zaka zinayi kapena zisanu. Sindikuti makinawo adzaleka kuyaka, ayi. Koma ziboo zimene akuba a pa intaneti adzapeze sizidzatsekedwanso. Alipo okonza amene amaikamo Windows 11 mokakamiza, imayenda ndithu, koma Microsoft silonjeza kuti izilandirabe zosintha.

N'chifukwa chake, mayi, ndikudzudzuleniko pang'ono, mwaulemu. Muimbireni mwana. Safunsa anadya phula. Iye ndiye akudziwa maphunziro amene akukachita, ndipo yankho lonse lagona pamenepo. Ngati ndi za bizinesi, utolankhani kapena uphunzitsi, kumene ntchito yaikulu ndi kulemba, kuwerenga ndi kufufuza pa intaneti, ikonzeni. M'malo mwa Windows mukhoza kuikamo Linux, monga Linux Mint kapena Ubuntu, zaulere, zimene zimalandirabe chitetezo ndipo zimayenda bwino pa makina akale, ndi LibreOffice yolembera. Ubuntuyo anaiyambitsa ndi munthu wa konkuno ku South Africa, Mark Shuttleworth, mu 2004. Koma ngati ndi za uinjiniya kapena zojambula mapulani a nyumba, adzafuna mapulogalamu ngati AutoCAD, amene ndi olemera ndipo sayenda pa Linux. Zikakhala choncho musathirepo ndalama. Igulitseni mmene ililimo, muuze wogulayo zoona zake, muphatikize ndi R2 400 ija, mufunefune ya m'badwo wa 8, monga Latitude 5490 kapena ThinkPad T480.

Ndipo wokonza ujayo mubwerereko mukamuuze kuti "zonse" si dzina la chipangizo. Akulembereni pa pepala: SSD zingati, RAM zingati, batire zingati, ntchito ya manja zingati. Pepalalo mupite nalo kwa okonza ena awiri. Ngati mtengo wokonzera ukuyandikira mtengo wa laputopu ya m'badwo wa 8 ya m'sitolo yokhala ndi lisiti, ndiye kuti yakaleyo yakana yokha. Mwana wanu sadzakusekani. Ine ndikuona kuti akadzamva nkhaniyi adzalimbikira sukulu kuposa kale.

Tipitirire. Bambo a ku Rosettenville akuti mdzukulu anatayira tiyi pa kiyibodi, makina sakuyakanso, ndipo okonza akuti motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za mkati, yapsa. Bambo, pa laputopu yakale motherboard ikapita, isiyeni. Muchotse disiki yokha, muiike m'kabokosi ka USB, zithunzi ndi makalata anu muzipeza. Mdzukuluyo musamukalipire kwambiri, mwina ankafuna kuti nayonso ifundeko, kuzizira kwa Juni kuno tonse tikukudziwa.

Achemwali a ku Turffontein ali ndi kalaputopu kopyapyala ka purosesa ya Celeron, kokhala ndi malo osungira a 32GB, ndipo akufuna kuwonjezera RAM. Achemwali, timakina totere tambiri RAM ndi chosungira anazimatirira pa motherboard, sizichoka. Musalipire munthu kuti "aone". Muzigwiritsa ntchito mmene kalili.

Kalata iyi yandikwiyitsako. Mnyamata wa ku Yeoville akuti anagula laputopu yatsopanotsopano ya purosesa ya i7 pa mtengo wotsika kwambiri kwa munthu amene anakumana naye mumsewu, yopanda tchaja, ndipo ikungofunsa pasiwedi ya BIOS, pulogalamu yoyambitsa makina, isanayambe n'komwe. Akufuna ndimuuze kochotsera. Mphwanga, sindikuuza. Laputopu yabwino, yotchipa, yopanda tchaja, yokhomedwa ndi pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, iweyo ukuganiza kuti inachokera kuti? Pali wina amene analira tsiku limene inasowa, mwina mwana wa sukulu ngati wa mayi a ku Cosmo City aja. Ndipo ife ndife alendo m'dziko muno. Ukapezeka ndi katundu wakuba, mawu oti "ndinangogula" sadzakuthandiza kwenikweni ulibe pepala lililonse.

Apa ndiye ndilankhule ndi nonse, chifukwa madandaulo awa akubwerezabwereza. Wina sanapatsidwe lisiti. Wina anayesa makina kwa mphindi ziwiri ali chiimire pa siteshoni. Wina anakopeka ndi kapepala ka i7 komata pafupi ndi kiyibodi, osadziwa kuti i7 ya 2011 imaposedwa ndi i5 ya 2018. Abale anga, tomato wa R10 timasankha mmodzimmodzi, nanga bwanji katundu wa malipiro a theka la mwezi timangolandira n'kuthamanga? Dziko lino lili ndi lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009, limene limafuna kuti ochita malonda a katundu wakale alembetse ku polisi ndi kusunga kaundula wa amene anawagulitsa katunduyo. Mukagula m'sitolo yotero mumakhala ndi lisiti ndi pobwerera. Mukagula kwa munthu wamba, zambiri zimakhala zimene kuno amati voetstoots, mwagula mmene chilili basi.

Choncho musanapereke ndalama, khalani pansi ndi makinawo. Tsegulani Settings, System, About, muwerenge nokha purosesa ndi RAM. Dinani batani lililonse pa kiyibodi. Tsegulani ndi kutseka chivindikiro, mumve ngati mahinji akulira kapena akulekana. Lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB. Chotsani tchaja, muone ngati ipirire. Wodziwa pang'ono alembe powercfg /batteryreport mu Command Prompt, imaonetsa mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene yatsala. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni ndi katundu wake.

Kwa okonzanso chimodzimodzi. Omvera angapo akudandaula kuti makina anabwerera ndi RAM yocheperapo kuposa imene inapita. Okonza ambiri ndi anthu okhulupirika amene akudyetsa mabanja ndi ntchito ya manja awo, sindikufuna kuwaipitsira mbiri. Koma jambulani nambala ya makina ndi tsamba la About musanasiye, koperani zithunzi ndi mapepala anu pa fulashi, ndipo chipangizo chilichonse chimene chachotsedwa akubwezereni m'manja.

Yomaliza yachokera kwa achimwene a ku Kempton Park, amene akufunsa ngati laputopu yogulidwa kuno ingagwire ntchito ndi magetsi a kumudzi. Igwira bwinobwino, mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V. Chosiyana ndi pulagi: ya kuno ili ndi mano atatu ozungulira, ya kwathu mano atatu a makona. Gulani adaputa, kapena musinthe chingwe chochokera ku khoma chokhacho, tchaja yeniyeniyo ikhale yomweyo. Potumiza, musaiponye m'chikwama chopita pansi pa basi pamodzi ndi mapoto ndi mafuta ophikira. Ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi wautali. Ikulungeni m'juzi, muipereke kwa munthu wodziwika amene aziinyamula m'manja, ndipo lisiti lipite nayo limodzi, angalifune pa chipata.