Mpanda Ukalowa M'malo Mwanu

Zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyo uko mukundimva? Chabwino.

Mikangano ya malire imayamba ndi kanthu kakang'ono. Mnansi wanu akumanga mpanda, ndiye wausendezera kwanu phazi limodzi. Inu mwaona, koma mumtima mwati, "Tiyambanirane kadothi aka?" Mwangokhala chete. Zaka zikupita, iye wabzala mitengo, wamangapo khola. Tsiku lina ana anu akuti tiyeze malo, n'kupeza kuti gawo lija lamulo lamupatsa mnansi uja.

Inde, m'mayiko ambiri lamulo lotere lilipo, pa Chingerezi amati adverse possession. Munthu akagwiritsa ntchito malo a mnzake poyera, ngati ake, osalekeza, popanda chilolezo, kwa zaka zimene lamulo linaika, akhoza kupempha kuti malowo akhale ake. Ku Kenya ndi zaka 12. Ku California ndi zaka 5, koma akhale kuti ankalipira msonkho wa malowo. Ena mukupukusa mitu, mukuti kumeneku n'kuba. Opanga malamulo ankaona kuti patapita zaka zambiri mboni zimamwalira, mapepala amasowa, ndipo mlandu sungadikire mpaka kalekale.

Mawu amene ndikufuna muwagwiritsitse ndi akuti "popanda chilolezo". Mvetserani zimene zinachitika ku England. Kampani ya JA Pye inali ndi minda ku Berkshire, ndipo inalola banja la a Graham kudyetsapo ziweto. Pangano lawo lolembedwa linatha kumapeto kwa 1983. A Graham anapempha kuti alembenso lina, kampani inakana, koma sinawachotse. Iwo anapitiriza kugwiritsa ntchito malowo chaka ndi chaka. Mu 2002 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti malo aja ndi a banja la a Graham. Taganizani! Pamene panali pangano, kampani inali yotetezeka. Pangano litatha, zaka zinayamba kuwerengedwa, eni ake ali phee.

Ndiye ngati mnansi walowa kwanu ndipo simukufuna kukangana naye, palibe vuto, muloleni, koma mulembe. Pepala linene kuti malo ndi anu, iye akugwiritsa ntchito mwa chilolezo chanu, lembani tsiku, nonse musaine pamaso pa mboni. Likatha nthawi, lembaninso. Ine zimandiwawa kuona anthu okhalirana bwino akusiya chidani kwa ana awo chifukwa choopa kulemba mizere itatu.

Mayi apo afunsa kuti nanga mpanda ukamangidwa kale? Musaugwetse nokha mayi, mungapalamule mlandu wina. Tengani mapepala a malo, itanani woyeza malo wovomerezeka apeze mabikoni, mnansiyo alipo akuona. Akakana kusuntha, mulembereni kalata, kenako mukaonane ndi loya msanga. M'malamulo ambiri kalata yokha siimitsa zaka zija kuwerengedwa. Chimene chimaimitsa n'kukasuma kukhoti, kapena iyeyo kuvomera polemba kuti malowo ndi anu.