Makalata a omvera: amene anayatsa shaki yanga pano akudwala

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Durban, yabwera pa WhatsApp usiku wathawu, ndiwerenga mmene ailembera.

"Achimwene ndimakumverani pa foni kuno ku Joni, dzina musatchule. Kwathu ndi ku Mangochi. Mu April 2015 zothamangitsa obwera zija zitavuta, anyamata anabwera usiku ku Isipingo ndi zikwanje akukuwa kuti makwerekwere muzipita kwanu, ananditengera TV, matilesi ngakhale mapoto, shaki nkuyatsa, ndinakagona mu tenti pa galaundi ndi bulangete limodzi lopatsidwa. Amene amatsogolera ndinamuona ndi maso angawa, neba wanga yemwe ndinkamubwereka ndalama ya buledi. Pano munthu uja watheratu, TB yamugwira, mkazi anamuthawa, nde sabata yatha wandipempha R50 yoti akwerere taxi kupita ku kiliniki. Ndinangomuyang'ana nkutembenuka. Abusa akuti ndachimwa. Koma iyeyo mpaka lero sanapepese. Nditani?"

Bambo, choyamba pepani kwambiri. Sindikudzudzulani ayi, mwinanso abusawo anafulumira pakamwa, munthu amene sanagonepo mu tenti atamuotchera nyumba asamathamangire kunena kuti "ingokhululukani" ngati akunena za nkhuku yoba chimanga. Zinthu zimenezi zinapha anthu, mu May 2008 zitayambira ku Alexandra anafa anthu 62, ndipo 2015 yomwe mukunenayo a Emmanuel Sithole a ku Mozambique anabayidwa pa msewu ku Alexandra komweko anthu akuona. Nde mtima wanu ukamawawa sikuti ndinu wachikunja.

Koma poti mwafunsa ine, R50 ija mupatseni. Pa Aroma 12:20 Paulo akuti mdani wako akamva njala umdyetse, akamva ludzu umpatse madzi, palibe pamene analemba kuti ayambe wapepesa kaye. Ndipo amene analemba zimenezi ndi ndani eti? Ndi Saulo yemwe uja anasunga zovala za anthu oponya miyala Stefano, pa Machitidwe 7, pamene Stefanoyo akugwada nkumapempha kuti Ambuye asawawerengere tchimo limenelo. Saulo tsiku limenelo sanapepese, anachokapo nkukayamba kulowa nyumba ndi nyumba kukoka akhristu kupita nawo kundende.

Chinanso, musamupatse moponya ngati galu kapena pa gulu kuti anthu aone kuti lero wagwada. Muitaneni ndi dzina lake, mukhale pansi awiri, ndipo zoona mumuuze, kuti iwe ndinakuona usiku uja, unandipweteka. Kukhululuka sikunamizira kuti munaiwala, sikumupatsanso kiyi wa chitseko chanu, ndipo akadzayambiranso zoopseza ku polisi pitani ndithu, Paulo yemweyo atafuna kumuchita chiwembu anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe kwa Kaisara. Mankhwala a TB amamwa miyezi 6 osadumphitsa, munthu akasiyira panjira chifukwa chosowa ya taxi matenda amabweranso mwamphamvu, nde mukakhala naye khalani panja poti pamadutsa mphepo.

Ndinene pang'ono za ife tili kumudzi kuno, tisamangoloza chala ku Joni. Mu 2023 boma litayamba kugwira othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka ku Dowa, ena mwa ife tinkaomba m'manja, "maburundi azipita atilanda mabizinesi," Lamulungu nkukakhala kutsogolo mu kwaya. Mawu omwewo amene anakukuwirani ku Isipingo, chinenero chokha ndi chosiyana.

Ina yachokera ku Ndirande, mayi akuti: "Apongozi anga amanditukwana pa gulupu ya banja kuti ndine mfiti chifukwa mwana wawo anasiya kuwatumizira ndalama, ndiwayankhe kapena ndituluke?"

Mayi, pa gulupu musayankhe, aliyense amangodikira skrinishoti. Koma mawu akuti mfiti si ocheza nawo, anthu aphedwapo m'midzi mwathu muno chifukwa cha mawu amenewo, nde auzeni amuna anu ndi ankhoswe akhale pansi ndi mayi awo sabata ino. Inu mukapitako mwatenga kashuga ndi sopo, muwapatse moni mwagwada monga mwa nthawi zonse, ndalamayo akambirane ndi mwana wawo. Bambo a ku Durban, mukakumana naye neba uja mutilembere mmene zayendera.