Tisanapite kukaona sitima zapamadzi ku Monkey Bay

Zikomo a mfumu, a komiti ya sukulu, makolo nonse, ndi inu ana mwakhala pansi kutsogoloku. Tifulumirako dzuwa lisanafike pamutu, paja kuno ku Chikwawa silinyengerera munthu.

Mwagwirizana zoti ana akaone sitima zapamadzi kunyanja, ndipo ena afunsa kuti bwanji osangopita ku Nsanje, pafupi pompa. Doko la ku Nsanje linatsegulidwa mu 2010, khoma lake lilipo, koma sitima zikuluzikulu simukazipezako. Ku Beira ziliko zambiri, koma kumafunika ziphaso zodutsira malire, ndiponso doko la katundu salowamo munthu wongofuna kuona. Ndiye kwathu konkuno malo ake ndi Monkey Bay.

Koma ana asakaone ngati zinthu zachilendo, chifukwa njira ya sitima zoyambirira inali Shire yemweyu. Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje uno ndi sitima yotchedwa Ma Robert mpaka kwa Chibisa. Inkayendera nthunzi, inkadya nkhuni zochuluka, ndipo chitsulo chake chinadyeka mpaka inamira mu Zambezi mu 1860. Yotsatira, Pioneer, inkazama kwambiri m'madzi, moti inkangotitimira pamchenga. Inu eni mabwato mukudziwa mmene mchenga wa Shire umasamukira chaka ndi chaka. N'chifukwa chake sitima zomwe zinadzayenda bwino pakati pa Chinde ku Mozambique, Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Chiromo zinali zafulati kunsi. Kumtunda kwa Chikwawa kuli mathithi a Kapichira, sitima siingakwere. Choncho sitima ya kunyanja inkabwera zidutswazidutswa, anthu n'kusenza pamutu kulambalala mathithiwo, n'kukailumikiza kumtunda. Sitima ya Ilala yoyamba inayenda choncho mu 1875.

Ku Monkey Bay funsani za sitima yotchedwa Chauncy Maples. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inadzera kuno ili m'zidutswa zoposa 3,000, ndipo inayamba kuyandama mu 1901. Chinachedwetsa n'choti zitsulo anazipaka zoteteza dzimbiri, manambala osonyeza kuti ichi chilumikizane ndi ichi n'kukwiririka. Thanki yowiritsira madzi, yolemera matani 11, sikanatheka kuiphwasula, inachita kukokedwa ndi anthu pamtunda. Dzinalo ndi la bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanjamo mu 1895 boti lake la matanga litagubuduzika ndi namondwe. Mukaiyandikira, yang'anani mizere ya timitu ta misomali m'mbali mwake. Sitima za nthawi imeneyo sankawotcherera, ankaboola zitsulo ziwiri, kulowetsa msomali wofiira ndi moto, n'kuukhoma mpaka mutu utaphwatalala. Ukazizira umakokana n'kumanga zitsulozo kuti madzi asalowe.

Ilala imene ikuyenda lero ndi ina. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kuyamba ntchito mu 1951, ndipo kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Nkhata Bay, Likoma ndi Chilumba, n'kubwerako Lachitatu. Ndiye tsiku loipeza ili phee padoko ndi Lachinayi. Koma musalipire minibasi musanatsimikize. Sitimayi ndi yachikulire, imachedwa, nthawi zina imakhala pokonzedwa. Lembani kalata kwa oyang'anira doko kudakali milungu itatu, mutchule tsiku, chiwerengero cha ana ndi akuluakulu, kenako muimbe foni kutatsala masiku awiri. Gulu lofika mwadzidzidzi limathera pageti. Pewaninso miyezi ya June mpaka August, pamene mwera umakalipa.

Tsopano za pamalopo, ndipo apa makolo mumvetsere. Mwana aliyense avale nsapato zotseka, zosaterera. Masilipasi ayi: pansi pa sitima ndi chitsulo, masana chimawotcha, chikanyowa kapena kudontheredwa oyilo chimaterera. Amayi, chitenje chimangidwe mokweza pang'ono kuti chisakole pamakwerero. Wamkulu mmodzi ayang'anire ana osaposa asanu, ndipo muwawerenge pokwera ndi potsika.

Choopsa kwambiri chili padoko penipeni, musanakwere n'komwe. Pakati pa sitima ndi khoma pamakhala mpata, ndipo sitima imayendayenda pang'ono ngakhale yamangidwa. Wogwera pamenepo amapanikizidwa. Zingwe zomangira sitima nazo musazidumphe, musazikhalire, musaime pafupi nazo. Chingwe chokokedwa ndi matani mazanamazana chikaduka chimabwerera ngati chikwapu, chimathyola mwendo. Ngati pali chingwe chozengezedwa pansi, phazi lisalowe pakati pake. Pa kamlatho kokwerera muzidutsa mmodzimmodzi, dzanja limodzi pachitsulo chogwirira, chikwama kumsana.

Mkatimo zitseko zili ndi chiwundo chokwera m'munsi, chotchinga madzi kuti asalowe m'zipinda. Kwezani phazi, ndipo aatali weramutsani mutu. Makwerero ndi oimirira kwambiri, choncho potsika tembenukani muyang'anizane nawo, ngati mmene mumatsikira pankhokwe. Ambiri amagwa chifukwa chotsika atafulatira makwerero ali ndi foni m'manja. Pa sitima yakale imene yakhala nthawi osayenda, pondani pokhapo pamene wokutsogolerani waponda, popeza dzimbiri limadya chitsulo kuyambira kunsi, pamwamba penti ikuoneka bwinobwino.

Akakulolani kufika pamene kaputeni amawongolera, ana aone chiwongolero, kampasi ndi chida choyezera kuya kwa madzi, koma manja kumbuyo. Kutsogolo kuli nangula ndi tcheni chake. Afunseni ana chimene chimagwira sitima. Adzati kulemera kwa nangula, koma zoona zake n'zoti nangula amakumba pansi, ndipo tcheni chachitali chogona pansipo chimachititsa kuti azikokedwa chogona, asazuke. N'chifukwa chake amamasula tcheni chotalika kangapo kuposa kuya kwa madzi. Kunja, kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima, kuli manambala olembedwa motsika mpaka m'madzi. Amenewo amasonyeza mmene yazamira, ndipo katundu akachuluka amamira limodzi ndi limodzi. M'chipinda cha injini mulowe anthu ochepa, injini itazima. Zithunzi, yambani mwapempha.

Pobwerera imani pa Mangochi, makilomita opitirira 60 kuchokera ku Monkey Bay. Pafupi ndi nsanja ya wotchi pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la nyanja. Pomwepo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 ndi anthu 145, ndipo Lake Malawi Museum ili chapafupi. Apa patulani ola lathunthu.

Ana adzafuna kusamba m'nyanja. Padoko ayi, ndipo m'madzi odekha okhala ndi mabango muli likodzo, ngati m'madambo athu omwewa. A komiti, kalata ija ilembedwe sabata ino. Amene ali ndi funso akweze dzanja.