Mawu a M'mawa: Kazembe Akadzudzula Mfumu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mulungu watidzutsanso amoyo, tiyeni tiyambe tsikuli ndi mawu ake. Tiwerenge Mateyu 8:9, pomwe kenturiyo wa ku Kapernao, mkulu wa asilikali a Chiroma, akuuza Yesu kuti iyenso ndi munthu womvera akuluakulu, ndipo ali ndi asilikali omumvera. Akauza uyu kuti pita, amapita. Akauza wina kuti bwera, amabwera. Taonani mmene wasanjira mawu akewo. Wayamba n'kuvomera kuti pali ena pamwamba pake, kenako m'pamene akutchula amene ali pansi pake. Yesu anazizwa naye, nanena kuti chikhulupiriro chotere sanachipeze ngakhale mwa Aisraeli.

Mkulu wa asilikali akasemphana ndi atsogoleri osankhidwa ndi anthu, pamabuka mkangano wakuti kodi achotsedwe paudindo chifukwa chowadzudzula. Mwina mukuti nkhani imeneyi ndi ya andale, ikutani m'mawu a m'mawa. Musafulumire kutseka foni. Aliyense wa ife pali wina amene amamumvera, ndipo ambiri tilinso ndi otimvera, choncho mlandu wa akazembe ukutikhudza tonse.

Mu Juni 2010, General Stanley McChrystal ndiye ankatsogolera asilikali a America ndi a NATO ku Afghanistan. Magazini ya Rolling Stone inatulutsa nkhani yofotokoza zimene iye ndi omuthandiza ankayankhula ali kwaokha mtolankhani ali pomwepo. Munali mawu onyoza wachiwiri kwa pulezidenti, Joe Biden, ndi alangizi ena a boma, ndipo ambiri mwa mawu okhadzulawo anachokera kwa omuthandizawo. McChrystal anapepesa, anaitanidwa ku Washington, ndipo pa 23 Juni Pulezidenti Barack Obama anavomera kuti atule pansi udindo. General David Petraeus ndiye analowa m'malo mwake. Chaka chotsatira ofufuza a unduna wa zachitetezo anati sanapeze umboni wokwanira wakuti anaphwanya malamulo, koma udindo unali utapita kale.

Ndikaganiza za nkhaniyi, Mlaliki 10:20 amandibwerera m'mutu. Mlaliki akuchenjeza kuti usatemberere mfumu ngakhale m'maganizo, kapena munthu wolemera ngakhale m'chipinda chako chogona, pakuti mbalame ya m'mlengalenga idzanyamula mawuwo. Masiku ano mbalameyo ili m'thumba mwa aliyense, imajambula, imatepa mawu, imatumiza kwa anthu zikwizikwi mphindi isanathe. Komabe tisaganize kuti cholakwa chinali kugwidwa. Mkulu amene amalola kuti patebulo pake anthu aziseka omutuma akuphunzitsa achinyamata ake kuti ulemu n'chovala chovala pagulu n'kuchivula ukalowa m'nyumba. Msilikali wamng'ono akaphunzira zimenezo, mawa adzamuseka iyeyo.

Zaka zambiri m'mbuyomo panachitika zazikulu kuposa izi. General Douglas MacArthur wa ku America anali ngwazi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu Seputembala 1950 anatembenuza nkhondo ya ku Korea pokocheza asilikali ku Inchon. China italowerera, iye anafuna kuti nkhondo ifike mpaka m'dziko la China momwe. Pulezidenti Harry Truman anakana poopa kuyatsa nkhondo ina yadziko lonse. MacArthur sanakhutire n'kunena maganizo ake kwa bwana wake. Analankhula poyera zosemphana ndi boma, ngakhale panali lamulo lakuti zoterezi azizipereka kaye ku Washington, ndipo analembera kalata phungu wotsogolera chipani chotsutsa, Joseph Martin, yemwe anaiwerenga m'nyumba ya malamulo. Pa 11 Epulo 1951 Truman anamuchotsa. Makamu anamulandira MacArthur m'misewu ya New York ngati mfumu, Truman n'kumatukwanidwa.

Ine ndikuona kuti Truman anachita bwino, ndipo Obama nayenso sanalakwe. Chifukwa chake n'chapafupi. Munthu amene dziko lamupatsa mfuti, ndege zankhondo ndi miyoyo ya ana a eni sali ngati ine ndi inu tikamadandaula za boma. Mawu ake amabwera ndi mthunzi wa zida kumbuyo kwake. Mtsogoleri wosankhidwa akalakwa, anthu amadikira chisankho n'kumuchotsa ndi voti. Nanga kazembe amene wazolowera kusamvera, ndani adzamuchotse, ndipo adzamuchotsa ndi chiyani? Mayiko ambiri alira misozi chifukwa cha asilikali amene anayamba n'kunena kuti anthu wamba sadziwa kulamulira, mapeto ake n'kulanda boma. Atambala awiri salira m'khola limodzi. N'chifukwa chake gawo 88 la malamulo a asilikali a ku America limaletsa akuluakulu a asilikali kulankhula mawu achipongwe onyoza pulezidenti, wachiwiri wake, nyumba ya malamulo ndi nduna ya zachitetezo.

Koma ndikaimira pomwepa ndikhala ndakunamizani, pakuti Baibulo lili ndi kazembe wina amene moyo wake umasokoneza yankho lofulumira. Ameneyu ndi Yoabu, mkulu wa ankhondo a Davide. Tiyeni tikhale naye pang'ono.

Mu 2 Samueli 19, nkhondo yatha, Abisalomu, yemwe anaukira bambo ake Davide, wafa, ndipo Davide wafunda nkhope akulira mwana wake. Asilikali amene anaika moyo pachiswe kuti amupulumutse akulowa mumzinda mozemba ngati anthu othawa kunkhondo. Yoabu akanatha kuwasonkhanitsa panja n'kuwauza kuti onani mfumu yanu yosayamika. Akanamumvera, poti mitima yawo inali itasweka kale. Iye analowa m'nyumba momwe munali mfumu, nailankhula maso ndi maso. Anati lero mwachititsa manyazi anyamata anu onse amene apulumutsa moyo wanu, mukukonda okudani ndi kuda okukondani, ndipo ndazindikira kuti Abisalomu akanakhala moyo ife tonse n'kufa, mukanakondwa. Anaiuza kuti idzuke ikalankhule nawo mowalimbitsa mtima, apo ayi usiku womwewo sipatsala munthu ndi mmodzi yemwe. Mawu owawa zedi, ena a iwo opyola muyezo. Koma Davide anadzuka nakakhala pachipata, anthu nabwera pamaso pake, ufumu n'kupulumuka.

Pa nkhani ya kalembera, mu 2 Samueli 24, Yoabu anachitanso chimodzimodzi. Davide atalamula kuti awerenge anthu, Yoabu anamufunsa pamaso kuti mbuye wanga mfumu akondwereranji ndi chinthu ichi. Mawu a mfumu anapambana, Yoabu anapita kukawerenga, ulendo wa miyezi 9 ndi masiku 20. Zotsatira zake mliri unapha anthu 70,000. Kazembe ndiye ankaona bwino, mfumu ndiyo inalakwa. Ndiye tisamanene kuti wovala yunifomu alibe choti n'kuphunzitsa wosankhidwa. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Miyambo 27:6 ikuti mabala a bwenzi ndi okhulupirika.

Tsopano tsegulani 2 Samueli 11, chifukwa apa m'pamene mtima wanga umalemera. Davide anatumiza kalata kwa Yoabu, wonyamula kalatayo ali Uriya mwiniwake, yolamula kuti amuike patsogolo pomwe nkhondo yakula, kenako am'siye yekha kuti akanthidwe afe. Yoabu, munthu wosaopa kukalipira mfumu, tsiku limeneli sananene kanthu. Sanafunse kuti munthuyu walakwanji. Anamvera bwinobwino, Uriya anafa, ndipo asilikali ena osalakwa anafera limodzi naye. Pa zonse zimene Yoabu anachita pamaso pa Davide, kumvera kwa tsiku limeneli n'koopsa kuposa kudzudzula kwake konse. Panafunika Natani, mneneri wopanda lupanga, kuti adzanene mawu amene kazembe anayenera kunena: munthuyo ndinu.

Choncho pamene tikuti asilikali azimvera atsogoleri, sitikunena kuti akhale ngati Doegi. Mu 1 Samueli 22, Sauli analamula asilikali omulondera kuti aphe ansembe a ku Nobu, iwo anakana kusamula dzanja. Sanalande mpando wa Sauli, sanamuukire, anangokana kukhetsa mwazi wosalakwa. Doegi Mwedomu ndiye anavomera, napha ansembe 85 tsiku limodzi. Mtsogoleri amene amachotsa aliyense womuuza zoona adzadzuka tsiku lina atazunguliridwa ndi a Doegi okhaokha, ndipo adzaganiza kuti ndiwo okhulupirika.

N'chifukwa chake funso lakuti achotsedwe kapena asachotsedwe limafuna tifunsenso kuti analankhula kuti, kwa yani, ndi mtima wotani. Mu Febuluwale 2003, General Eric Shinseki, mkulu wa asilikali apamtunda a America, anafunsidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate kuti padzafunika asilikali angati ku Iraq nkhondo ikatha. Anayankha kuti mazana angapo a zikwi. Yankholi silinakondweretse akuluakulu a unduna wa zachitetezo, ndipo wachiwiri kwa nduna, Paul Wolfowitz, analitsutsa poyera kuti laphonya kutali. Shinseki sanathamangire kwa atolankhani kukabwezera. Anamaliza nthawi yake mu Juni chaka chomwecho napuma. Mu 2006 General John Abizaid anavomera pamaso pa Senate yomweyo kuti Shinseki ananena zoona. Shinseki anafunsidwa ndi oyenera kumufunsa, pamalo oyenera, nayankha zimene ankazidziwa. Kumuchotsa wotereyu kukanakhala tchimo la mtsogoleri. MacArthur anauzidwa kuti ayi, n'kupita kukafuna gulu loti likakamize bwana wake. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo n'kwakukulu.

Yoabu yemweyo ankadziwa malire amenewa pa masiku ake abwino. Atatsala pang'ono kulanda mzinda wa Raba, anatumiza mithenga kwa Davide kuti bwerani mudzaulande nokha, kuopa kuti ndingaulande ine n'kutchedwa dzina langa. Ndi akazembe angati angakane ulemu wotere? Koma tsiku limene Davide anapereka udindo wa Yoabu kwa Amasa, mtima weniweni wa Yoabuyo unaonekera. Tizikumbukira kuti Yoabu anali atapha Abisalomu mophwanya lamulo lomveka la mfumu, ndiye sikuti anachotsedwa chifukwa cha mawu okha. Anakumana ndi Amasa pa mwala waukulu wa ku Gibeoni, anamufunsa kuti uli bwino mbale wanga, anamugwira ndevu ngati akufuna kumupsompsona, n'kumubaya pamimba. Udindo anautenganso ndi mwazi. Pamenepa MacArthur ndi McChrystal anamuposa Yoabu kutali, pakuti atauzidwa kuti atule pansi anatuladi, asilikali awo nalandira mtsogoleri watsopano popanda chipolopolo n'chimodzi chomwe.

Abale, titembenukire kwa ife eni. Pali bwana kuntchito, pali abusa ndi akulu ampingo, pali makolo, pali wapampando wa komiti imene mumatumikiramo. Ambiri timachita mbali zonse ziwiri zoipa za Yoabu n'kusiya yabwinoyo. Pamsonkhano timagwedeza mutu, tikamafunsidwa ngati pali wotsutsa timayang'ana pansi, kenako madzulo pa WhatsApp m'pamene nzeru zathu zonse zimatuluka, zosakaniza ndi miseche. Yesu pa Mateyu 18:15 anati mbale wako akachimwa upite ukamulangize muli awiri. Njira imeneyi ndi yovuta chifukwa ilibe oombera m'manja, ndipo ukhoza kutuluka m'chipindamo utataya zambiri. Koma ndi yokhayo imene imasonyeza kuti ukufuna munthuyo akonzeke. Ukamuuza iye akakana, pa nkhani imene si tchimo, umagwira ntchito mokhulupirika kapena umatula pansi mwaulemu. Akakulamula kuchita choipa, umayankha ngati Petro ndi atumwi pa Machitidwe 5:29 kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, ndipo umakhala wokonzeka kulipira mtengo wake monga iwo anakwapulidwira.

Inu amene muli ndi anthu pansi panu, mawuwa akukufunsaninso. Munthu womaliza amene anakuuzani zowawa pamaso, munamutani? Ngati anthu anu onse amangoti inde bwana, musakondwere, fufuzani kuti amakalankhulira kuti. Davide ali pafupi kufa, mu 1 Mafumu 2, anamutchula Yoabu kwa Solomo kuti asamulekerere. Mlandu umene anautchula ndi mwazi wa Abineri ndi wa Amasa, umene anaukhetsa nthawi ya mtendere ngati ali kunkhondo. Mawu owawa a tsiku lija la maliro a Abisalomu sanawaike pa mlanduwo.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, tikupempherera atsogoleri a mayiko ndi akuluakulu a asilikali amene lero akhala pansi kukambirana nkhani zokhudza miyoyo ya anthu ambiri. Tikupempherera asilikali achinyamata amene ali kutali ndi kwawo, pamodzi ndi makolo, akazi, amuna ndi ana amene akuwadikira. Kumbukirani mbale kapena mlongo amene m'mawa uno akugogoda pakhomo la bwana wake ndi nkhani yovuta, mum'patse mawu ndipo mum'teteze. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.