Kampani ya magetsi imalemba liti kuti yagulitsa?

[Pa sikirini: mita ya magetsi, manambala akusuntha]

Takulandirani. Funso lathu lero likuoneka lophweka: kodi kampani yogawa magetsi imalemba liti m'mabuku ake kuti yapeza ndalama? Ambiri amayankha kuti ndi tsiku limene kasitomala walipira. Ena amati ndi tsiku limene bilu yatuluka. Onse alakwa. Chimene owerengera ndalama amachitcha revenue, kutanthauza ndalama zimene kampani yapeza pogulitsa, chimalembedwa pamene magetsi adutsa pa mita n'kugwiritsidwa ntchito, kaya bilu yatuluka kapena ayi, kaya ndalama zafika kapena ayi.

Lamulo lotsogolera ndi IFRS 15, limodzi mwa malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku a ndalama otchedwa IFRS, lomwe bungwe lopanga malamulowa la IASB linatulutsa mu 2014 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2018, m'malo mwa lamulo lakale la IAS 18. Lili ndi masitepe asanu: kuzindikira mgwirizano ndi kasitomala, kuona zimene kampani yalonjeza, kupeza mtengo, kugawa mtengowo pa malonjezo, kenako kulemba ndalama lonjezo likamakwaniritsidwa. Pa magetsi, kasitomala amalandira ndi kugwiritsa ntchito nthawi imodzimodzi, choncho ndalama zimalembedwa pang'onopang'ono, yuniti iliyonse ikamadutsa.

[Pa sikirini: kalendala ya mwezi wa masiku 30]

Apa ndi pamene pagona nkhani. Owerenga mita sangafike nyumba zonse tsiku lomaliza la mwezi. Tiyerekeze kuti mita ina yawerengedwa pa 20, ndipo nyumbayo imagwiritsa ntchito mayunitsi 10 patsiku. Pofika pa 30, mayunitsi 100 apita koma sali pa bilu iliyonse. Kampani iyenera kuwalemba ndithu, monga ndalama zimene yapeza koma sinalipiritse, n'kudzawachotsa mwezi wotsatira bilu yeniyeni ikatuluka, kuopa kuwawerenga kawiri.

Pa makasitomala zikwizikwi, kampani siwerenga nyumba ndi nyumba. Imayambira kumtunda: mayunitsi onse amene alowa m'mawaya ake, kuchotsa otayika m'njira, kuchotsa amene ali kale pa mabilu. Chotsalacho ndi chimene sichinalipiritsidwe.

Tamverani mmene cholakwa chaching'ono chimakulira. Tinene kuti alowa mayunitsi 1,000,000 ndipo 800,000 ali pa mabilu. Kampani ikaganiza kuti otayika ndi 12 pa 100 alionse, ilemba kuti 80,000 akudikira bilu. Koma ngati otayika enieni ndi 15 pa 100 alionse, chiwerengero choona ndi 50,000. Kusiyana kwa 3 kokha pa zotayika kwafufumitsa chiwerengerocho ndi 30,000. Nchifukwa chake oyendera mabuku, amene amafufuza ngati kampani yalemba zoona, amakakamira kwambiri pa chiwerengero chimenechi, ndipo akulondola kutero.

Zotayikazo zili mitundu iwiri. Zina n'zosapeweka: mawaya ndi mathiransifoma amatentha, mphamvu ina n'kuthera pomwepo. Zina ndi kuba, mita zowonongeka ndi mabilu olakwika. Zonsezi si malonda. Magetsi obedwa kampani inawagula kapena kuwapanga, koma singawalembe ngati ndalama zopeza kufikira wakubayo atapezeka, atalipiritsidwa, ndipo pakuoneka kuti alipiradi.

[Pa sikirini: munthu akulowetsa manambala mu mita yolipiriratu]

Mita yolipiriratu imatembenuza zonse. Ndalama zimafika magetsi asanapite. Munthu akagula mayunitsi 200 pa 28, n'kugwiritsa ntchito 30 okha pofika kumapeto kwa mwezi, kampani yagulitsa 30. Mayunitsi 170 otsalawo ndi ngongole ya kampani kwa kasitomala, ndipo amalembedwa mbali ya ngongole. Vuto n'lakuti mita zambiri za mtunduwu sizitumiza uthenga kukampani, choncho otsalawo amachita kuyerekezedwa poona kagulidwe ka anthu m'miyezi yapitayo. Kampani yolemba zonse tsiku logula imaoneka yolemera kuposa mmene ilili, makamaka mwezi umene anthu athamangira kugula mitengo isanakwere.

Ndipo si ndalama zonse za pa risiti zimene zili za kampani. Msonkho wa VAT ndi ndalama zina zotolera boma zimangodutsa. Gawo lodulidwa pobweza ngongole yakale ya kasitomala nalonso si malonda atsopano, limangochepetsa ngongoleyo.

Makasitomala akuluakulu ngati mafakitale n'ngosavuta, poti mita zawo zimawerengedwa pafupipafupi. Amalipira mayunitsi, kuphatikiza mtengo wa mphamvu yochuluka kwambiri imene anakoka pa nthawi imodzi m'mweziwo, yoyezedwa mu kVA.

Nanga ndalama zolumikizira magetsi panyumba yatsopano? Pano akatswiri amasiyana maganizo. Ngati kulumikizako ndi ntchito yoima payokha, ndalama zimalembedwa tsiku limene waya walumikizidwa. Ngati ndi khomo chabe lolowera ku magetsi a zaka zikubwerazi, zimagawidwa pa zaka zambiri. Kampani ziwiri zofanana zingasonyeze phindu losiyana chifukwa cha chisankho chimenechi chokha, choncho werengani mfundo zolembedwa kumapeto kwa lipoti la pachaka musanaziyerekeze.

Kasitomala wosalipira safufutitsa malonda amene analembedwa kale. Kampani imatsatira lamulo lina, la IFRS 9: imaika ngongole m'magulu, za masiku 30, 60, 90 ndi kupitirira, n'kulemba gawo limene ikuyembekeza kuti silibwera ngati ndalama zowonongeka.

Chomaliza ndi bungwe loyang'anira mitengo. M'maiko ambiri limaika malire a ndalama zimene kampani ya mawaya ingatolere pachaka. Kampani ikatolera zopitirira, imabweza potsitsa mitengo ya chaka chamawa. Ikatolera zochepa, mitengo imakwera. IFRS 15 siona kusiyanako, imangoona magetsi operekedwa pa mtengo wa chaka chino. Lamulo la IFRS 14 la 2014 linalola makampani ongoyamba kumene kutsatira IFRS kuti apitirize kulemba kusiyanako pa mzere wakewake ngati ankatero kale. Kwa kampani imene silemba mzere umenewu, chaka chimene yatolera zopitirira chimaoneka cha phindu lalikulu, pamene gawo la ndalamazo libwerera kwa makasitomala kudzera m'mabilu a chaka chotsatira.