Kuchokera ku Glasgow: zipani za ku Britain ndi ndalama zothandizira maiko osauka

Moni abale ndi alongo nonse amene mukumvetsera, kaya muli ku Mzuzu, ku Johannesburg kapena muno mu Glasgow. Lero tikambirane za kusiyana maganizo kwa zipani za kuno pa zimene dziko la Britain liyenera kuika patsogolo pochita zinthu ndi maiko ena, pakuti zimene amagwirizana ku London zimakafika mpaka ku zipatala za kwathu.

M'chaka cha 2015 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti 0.7 peresenti ya chuma chimene dziko lino limapeza pachaka izipita kothandizira maiko osauka. Mu Novembala 2020 boma la Conservative, kudzera mwa Rishi Sunak amene anali nduna ya zachuma, linatsitsa gawoli kufika pa 0.5, ponena kuti mliri wa Covid-19 wagwedeza chuma. A Labour anadzudzula mwamphamvu, ndipo ambiri a ife tinkayembekezera kuti akadzalowa m'boma adzalibwezeretsa. Koma mu Febuluwale 2025 Keir Starmer wa Labour, amene anali nduna yaikulu, analengeza kuti pofika 2027 gawoli lidzatsika kufika pa 0.3 kuti ndalamazo zipite ku chitetezo, mpaka nduna yake yoona za chitukuko cha maiko akunja, Anneliese Dodds, inatula pansi udindo.

Sindikunena kuti zipanizi n'zofanana pa zonse, chifukwa a Labour atangolowa m'boma mu 2024 anathetsa dongosolo la a Conservative lotumiza ku Rwanda anthu ofuna malo othawirako. Kuno ku Scotland, kumene boma linasainirana mgwirizano ndi Malawi mu 2005, chipani cha Scottish National Party (SNP) chinatsutsa kudula chithandizocho.

Agogo amene ndimawasamalira kuntchito kwanga amaopa Russia kuchokera pansi pa mtima chiyambire nkhondo ya ku Ukraine, ndipo mantha awo sindiwapeputsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti amene akulipira zida zankhondozo ndi mayi woyembekezera wa kumudzi, yemwe sanafunsidwe kanthu.

Popeza Malawi ali mu Commonwealth, ife amene tikukhala kuno ndi ziphaso zovomerezeka tili ndi ufulu wovota. Choncho lembetsani maina anu, ndipo ofuna mpando akadzagogoda pakhomo panu, mudzawafunse chaka chimene chipani chawo chidzabwezeretse gawo la 0.7 lija.